Lipoti la ku msonkhano wa makwaya: Arvo Pärt ndi zaka 8 zimene anakhala chete

Wapampando, a kwayamasitala, alembi, asungichuma, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata nonse a m'kwaya yathu, landirani moni.

Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Poti munandituma kuti ndikakumverereni ku msonkhano wa masiku atatu wa atsogoleri a makwaya, ndaona kuti ndilembe zikadali m'mutu, kuti nanunso amene simudzapezeka Loweruka muwerenge nokha. Za ulendo ndidule: ndinayenda bwino, kogona kunali kwabwino, ndipo malisiti pamodzi ndi chenji ndapereka kale kwa asungichuma. Tsiku loyamba linali la zomwe timazidziwa, kapumidwe, kaimidwe, ndi mkangano wakalekale uja wa mayunifolomu pa mipikisano. Zolemba zake zili kwa alembi. Lipoti lino ndi la tsiku lachiwiri ndi lachitatu, pamene mayi wina wophunzitsa nyimbo anatiyendetsa m'moyo wa wopeka nyimbo wa ku Estonia, bambo Arvo Pärt.

Ndisabise, nditaona dzinalo pa pulogalamu ndinagwa ulesi. Mukudziwa nonse kuti ine ndine wa pa kiyibodi, ndipo mumtima ndinkati ndikatolako masitayilo atsopano oti tikawagwedeze nawo anzathu pa chikondwerero chikubwerachi. Koma mayiwo atangolowa anapempha kuti kiyibodi ya m'holomo ivundikiridwe ndi nsalu yake, isatsegulidwenso mpaka msonkhano utatha. Kenako anatiikira pa sipika kanyimbo ka piyano kotchedwa Für Alina. Kanayamba ndi liwu limodzi lakuya lomwe linangosiyidwa kuti lizilira lokha, ndipo pamwamba pake panayamba kugwa timanoti tiwiritiwiri, ngati madontho a pakhonde mvula itakata. Bambo amene ndinakhala nawo pafupi anandinong'oneza kuti, kodi ameneyu akuyesa kaye ngati piyano ili bwino? Tinaseka chamumtima. Kanyimboko sikanatenge nthawi, koma katatha palibe anakhosomola kapena kugwira foni. Mayi aja anati konseko kamakwana pa masamba awiri, woyamba kumene kuphunzira piyano angathe kugunda manoti ake, koma mwini wake zinamutengera zaka 8 kuti afike pokalemba.

A Pärt anabadwa pa 11 Seputembala 1935 m'tauni ya Paide, koma anakulira ku Rakvere ndi mayi awo ndi bambo owapeza. Estonia ndi kadziko ka m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kumpoto kwa Ulaya, ka anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, ochepa kuposa a m'boma la Lilongwe lokha. Mu 1940 asilikali a Soviet Union anakalanda, mu 1941 kanagwa m'manja mwa Ajeremani, mu 1944 a Soviet aja anabwereranso n'kukhala mpaka 1991. Ndiye kuti munthuyu kuyambira ali kamwana mpaka imvi zitayamba anali pansi pa boma lomwe linkasankhira anthu nyimbo zoti amve.

Kunyumba kwawo kunali piyano yakale yomwe makiyi ake apakati anali owonongeka, choncho mnyamatayo anazolowera kuseweretsa a m'mbali, akuya kwambiri ndi okwera kwambiri. Amene mukukumbukira kiyibodi yathu yoyamba ija ya makiyi atatu akufa mundimvetsa chifukwa chake apa ndinayamba kutchera khutu. Pabwalo la pakati pa tauniyo panali sipika yomwe inkaulutsa za pa wailesi, ndipo ikamaika nyimbo za orchestra mnyamatayo ankangozungulira pabwalopo pa njinga mpaka nyimbo itatha. Lero pamalopo anaimikapo chiboliboli cha mnyamata ali ndi njinga yake, akumvetsera.

Atapita ku Tallinn, likulu la dzikolo, sukulu inadukiza chifukwa anaitanidwa ku usilikali, komwe ankaimba chitoliro chotchedwa oboe ndi ng'oma m'bandi. Atabwerako analowa koleji ya nyimbo naphunzira kwa Heino Eller mpaka 1963, uku akugwira ntchito ku wailesi ya boma yojambula ndi kusakaniza mawu, ntchito yomwe anakhala nayo pafupifupi zaka 10 mpaka 1967. Nthawi imeneyo anali mnyamata wosamva za munthu. Mu 1960 analemba Nekrolog, nyimbo yoyamba ku Estonia yotsata njira ya manoti 12 yomwe inkachokera kumayiko a kumadzulo. Mwa solofa tinene chonchi: mumatenga manoti onse, a makiyi oyera ndi akuda omwe, n'kuwandandalika pa mzere, ndipo noti ikalira siibwereranso mpaka inzake yonse itadutsa. Mulibe d. Nyimbo imakhala yopanda kwawo kobwerera. A ku Moscow sanakondwe, ndipo Tikhon Khrennikov, mkulu wa bungwe la opeka nyimbo mu Soviet Union monse, anawadzudzula poyera mu 1962. Chaka chomwecho nyimbo yawo ina ya kwaya ya ana, yonena za dimba la pasukulu, inapata mphoto yoyamba pa mpikisano wa dziko lonselo. Dzanja lokwapula ndi dzanja lopereka mphoto linali limodzi. Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tinangoyang'anana.

Chomwe chinatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga ndi nyimbo ya Credo, yomwe inaimbidwa koyamba ku Tallinn pa 16 Novembala 1968, wotsogolera ali Neeme Järvi. Anatiikira yonse. Kwaya imayamba ndi kunena m'Chilatini kuti ndikhulupirira Yesu Khristu, piyano ikuimba kanyimbo kofatsa ka mu kiyi ya C ka Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany. Kenako pakubwera mawu a pa Mateyu 5, diso kulipa diso, dzino kulipa dzino, ndipo zinthu zimayamba kusokonekera pang'onopang'ono mpaka kufika pa chiphokoso chenicheni, malipenga, kukuwa, ngati pamsika pagwidwa wakuba. Chiphokosocho chikatha mphamvu, kanyimbo ka Bach kaja kamatulukiranso kali bwinobwino. Omvera anaomba m'manja osaleka mpaka nyimboyo inabwerezedwa tsiku lomwelo. Boma silinavutike ndi phokosolo ayi. Linavutika ndi mawu oyamba aja, poti dziko lachikomyunizimu linkaphunzitsa kuti kulibe Mulungu, ndipo apa kwaya yathunthu yavomereza chikhulupiriro pagulu. Credo sinamvekenso kumeneko kwa zaka zoposa 10.

Koma mayi aja anatsindika kuti si boma lokha lomwe linawatseka pakamwa. Eni akenso anali atafika pamapeto a njira. Luso lonse la m'kalasi anali nalo, kusokoneza manoti ankatha, kubwereka za Bach ankatha, koma mawu awoawo oti anene analibe. Kuyambira 1968 mpaka 1976 anangoti zii. Si kuti anakhala manja lende, m'mimba simudikira kuti munthu apeze kaye liwu lake, choncho ankalembabe nyimbo za m'mafilimu, ndipo mu 1971 anatulutsa symphony yawo yachitatu, nyimbo yaitali ya orchestra. Koma ntchito yeniyeni inali m'makope. Anabwerera ku nyimbo zakalekale za mpingo, za Gregorian zija za mzere umodzi, zopanda aluto, tena kapena choimbira chilichonse, ndiponso kwa akatswiri akale monga Machaut, Ockeghem ndi Josquin. Ankawerenga salimo, n'kulemba mzere umodzi wa nyimbo, n'kuwerenga lina, n'kulembanso, makope ndi makope, osati kuti wina adzaimbe, koma kuti khutu liphunzirenso kuyenda kuchoka pa noti imodzi kupita pa inzake. Tangoganizani, bambo wa zaka za m'ma 30, wodziwika kale, wamphoto zake, kubwerera yekha ku sitandade 1. M'zaka zomwezo, mu 1972, anakwatira mayi Nora, nachoka ku Lutheran kulowa mpingo wa Orthodox.

Chomwe chinatuluka mu 1976 anachitcha tintinnabuli, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza timabelu. A kwayamasitala, apa ndi pomwe pagona nkhani. Pali mizere iwiri yokha. Woyamba umayenda ngati munthu wokwera kapena kutsika masitepe, d r m f s, osadumpha. Wachiwiri suloledwa kuchoka pa manoti atatu, d m s, kapena l d m ngati nyimbo yakhazikika pa l, ndipo ntchito yake ndi kutenga noti ya mwa atatuwo imene ili pafupi ndi pomwe wafika mnzake, kaya pamwamba kaya pansi pake. Choncho woyamba ukamati d r m f s, wachiwiri pamwamba pake umati m m s s d'. Basi, gwero lake ndi limenelo. Manoti atatuwo amangolirabe mkati mwa nyimbo yonse monga limachitira belu la pa tchalitchi, lomwe ukaligunda kamodzi limatulutsa mawu angapo nthawi imodzi n'kumazimirira pang'onopang'ono.

Pa bolodi zinaoneka zachibwana. Mayiwo anatigawa pawiri kuti tiyese. Pa d ndi m zinayenda. Titafika pa r ndi m, manoti oyandikana amene amakhulana, theka la ife linathawa. Ine ndinali ku mzere wachiwiri, ndipo khosi langa linakwera lokha kupita pa f osandifunsa. Si umbuli ayi, ndi mmene tinakulira. Kwathu kuno wina akayambitsa nyimbo mnzake amamutsata pambali, akakwera nayenso wakwera, akatsika watsika, ndipo zimakoma, mpaka alendo amadabwa kuti tinaphunzira liti. Koma apa mnzako akamasuntha iwe uyenera kuima nji, kulola kuti mukhulane kwa kamphindi, mpaka iye yekha afike pomwe mugwirizanenso. Tinabwereza mpaka ena anayamba kung'ung'udza za tiyi. Itagwira, m'mwamba mwa holoyo munamveka kulira kwina kopyapyala komwe palibe ankakuimba, ndipo thupi langa linachita tsembwe.

Atatero anatiuza kuti tonse tigwire noti imodzi, l, tizipuma mosinthana, osaileka. Sipanapite nthawi tinali titatsika, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti aliyense ankamva yekha kuti watsika. Apa ndilape pamaso panu. Zaka zonsezi a tena akayamba kutsika ine ndimakweza voliyumu. A sopulano akalephera kufika pamwamba ndimadina transpose mwakachetechete. Mpingo umaomba m'manja, ife timapita kunyumba tikudziyesa akatswiri, pamene ine ndangokwirira zinyalala pansi pa mkeka.

A Pärt eni amafotokoza kuti mzere woyendayenda uja ndi munthu ndi machimo ake, ndipo wa manoti atatu uja ndi chikhululukiro chomwe sichimutaya. Amanenanso kuti m'nyimbo zawo 1+1=1, mizere iwiri koma liwu limodzi. Abusa amene analipo analemba msangamsanga m'makope mwawo, ndikhulupirira ulaliki wa Lamulungu unapezeka pomwepo. Ine yomwe inandigwira ndi Cantus ya mu 1977, yolira Benjamin Britten, wopeka nyimbo wa ku England, amene anamwalira mu Disembala 1976 awiriwa asanakumane. Muli belu limodzi ndi zoimbira za nsambo basi. Onse akuimba chinthu chimodzi, kutsika masitepe kuchokera pa l, koma gulu lililonse lolowa limayambira pakuya ndipo limayenda mochedwa kawiri kuposa lomwe lalowa patsogolo pake. Zimamveka ngati mudzi ukutsika phiri kupita kumanda, ana patsogolo, agogo pambuyo ndi ndodo zawo, onse kukakumana pansi. Ndipo pa pepala nyimboyo imayamba ndi kupuma n'kuthanso ndi kupuma. Chete ameneyo analembedwa, wotsogolera amamuwerenga ngati manoti ena onse.

Zotsatira ndithamange nazo. Mu 1977 momwemo analembanso Fratres ndi Tabula Rasa, mu 1978 Spiegel im Spiegel, zomwe ena munazimvapo m'mafilimu osadziwa mwini wake. Kutchuka kunja kunawaonjezera adani kwawo, ndipo mu Januwale 1980 iwo, mayi Nora ndi ana awo aamuna awiri anakwera sitima kutuluka mu Soviet Union. Anayamba akhala ku Vienna, mu 1981 n'kusamukira ku Berlin komwe anakhala pafupifupi zaka 30. Manfred Eicher, mwini kampani yojambula nyimbo ya ECM ku Munich, anamva nyimbo yawo pa wailesi ya m'galimoto, anaima pambali pa msewu kuti amve bwino, n'kuyamba kufufuza kuti ndi ya yani. Chimbale cha Tabula Rasa chinatuluka mu 1984, ndipo dzina lawo linafalikira kuchokera pamenepo. Mayi aja anatiuzanso kuti ku America, m'zaka zomwe Edzi inalibe mankhwala, ena osamalira odwala ankawaikira nyimbo imeneyi pamene atsala pang'ono kutsirizika. Ambiri m'holomo tinadwazikapo abale m'zaka zimenezo, ndipo mayiwo anaona okha kuti apereke kaye nthawi yopuma.

Tsiku lachitatu linali la mawu, ndipo kwa ine ndi lomwe tingapindule nalo kwambiri. Kuyambira pa Missa syllabica ya mu 1977 mpaka pa Passio ya mu 1982, yomwe ndi nkhani ya masautso a Yesu ya pa Yohane 18 ndi 19 m'Chilatini, yotenga mphindi pafupifupi 70, a Pärt salemba chuni kaye n'kumakakamiza mawu kuti alowemo monga timachitira ife. Amawerenga maphatikizo a liwu lililonse, ndipo chiwerengerocho ndi chomwe chimanena masitepe omwe nyimbo iyende kuchoka pa noti yapakati kapena kubwererapo. Mpatuliro uli ndi kupuma kwake, mpumiro kwake, funso lili ndi kutalika kwake. Wopeka amangoika lamulo, kenako mawu a m'Baibulo amadziimba okha.

Tinayesa m'Chichewa. Tinatenga "Ambuye mutichitire chifundo". Ambuye ali ndi maphatikizo atatu, ndiye l t d'. Mutichitire asanu, tinawatsitsa, l s f m r. Chifundo atatu, l t d' kachiwiri. A mzere wa belu anaika l d m wawo, ndipo abale, zinakoma kuposa mmene ndinkaganizira. Chichewa chimagona bwino m'njira imeneyi chifukwa phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo ife mwachibadwa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, chi-fuu-ndo, choncho potalikitsa noti sitinachite kufunsana. Mavuto anabwera ndi mnyamata wina wochenjera amene anati tiyese "ndidzakulemekezani". Maphatikizo 8, kuchoka pa l mpaka pa l wapamwamba. Mnzake anaponya "sitidzakukhumudwitsaninso", maphatikizo 10, ndipo a sopulano anakagunda denga asanafike pa "tsa". Holo yonse inafa nacho chiseko. Gogo wina amene wakhala akutsogolera kwaya kuyambira ine ndisanabadwe anakumbutsanso kuti Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwakekwake, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kamvekedwe, ndiye lamulo lomwe limangokwera masitepe osamvera zimenezo lingatipotozere mawu monga zinachitira nyimbo zina za m'buku zomwe chuni chake chinabwera pa sitima. Mayi aja anavomera kuti lamulolo linasokedwera Chilatini, ofuna kulivala kuno alisoke mwatsopano.

Masana kunabuka mkangano, ndipo ndiufotokoze mosakondera. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti zonsezi ndi nyimbo za maliro a azungu, ife Mulungu timamutamanda ndi thupi lonse, ng'oma, chisekese ndi nthungululu, ndipo anatichotsa kale m'goli loimba titaima ngati mitengo, tisabwereremo ndi mapazi athu. Ambiri anaomba m'manja, ndipo nanenso ndinaomba nawo pang'ono. Mayi wina wachikulire anayankha kuti bamboyo akuyankhula ngati sanagonepo pa siwa. Anati pakati pa usiku, moto utazilala, amayi akamaimba motsitsa popanda ng'oma kapena kiyibodi, mmodzi atagwira liwu lapansi osalisiya, kodi zimenezo anatiphunzitsa ndi mzungu? Anati zomwe wamva masiku awiriwa sizinamuchititse chilendo n'komwe. Pamenepo holo inagawikana, ndipo wapampando wa msonkhano anavutika kuti atikhazike pansi.

Mphunzitsi uja sanayankhe ndi pakamwa. Anatiikira Bogoroditse Djevo, yomwe a Pärt analembera kwaya ya King's College ku Cambridge mu 1990, kanyimbo ka Maria kothamanga, kachimwemwe, kotha mphindi imodzi yokha. Kenako anaika ina ya mu 2000, yomwe mawu ake ndi mndandanda wa makolo a Yesu wa pa Luka 3, mwana wa uje, mwana wa uje, mpaka kwa Adamu, mwana wa Mulungu. Ndime ija owerenga m'tchalitchi amaithawa, iwo anaisandutsa nyimbo yoti mutu umagwedera wokha. Anailembera mzinda wa Reykjavik ku Iceland, komwe mpaka lero munthu amatchedwa mwana wa bambo ake. Bambo wa ng'oma uja anaseka n'kunena kuti imeneyo yokha angailole. Tinauzidwanso kuti anthu a ku Estonia si alendo pa za makwaya. Chikondwerero chawo cha nyimbo chinayamba mu 1869 ku Tartu, chimachitika zaka zisanu zilizonse ku Tallinn ndi oimba oposa 30,000, ndipo pakati pa 1987 ndi 1991 ankasonkhana m'mabwalo kuimba nyimbo zomwe boma linaletsa mpaka dziko lawo linamasuka pa 20 Ogasiti 1991.

Ngakhale nyimbo zawo ndi zofatsa, a Pärt si munthu wobisala m'tchalitchi. Mtolankhani Anna Politkovskaya ataphedwa ku Moscow mu Okutobala 2006, analengeza kuti nyimbo zawo zonse zoimbidwa m'nyengo imeneyo zikhale zomukumbukira. Symphony yawo yachinayi ya mu 2008, yomwe inabwera patapita zaka 37 chilembereni yachitatu, anaipereka kwa Mikhail Khodorkovsky, wamalonda wotsutsa boma, ali m'ndende ku Russia. Mu 2010 anabwerera kwawo, ndipo mu 2018 ku Laulasmaa, m'nkhalango ya paini kufupi ndi nyanja, kunatsegulidwa nyumba yosungiramo zolemba zawo, kuphatikizapo makope aja a zaka za chete. A Bachtrack, omwe amawerengera makonsati pa dziko lonse, anapeza kuti kuyambira 2011 mpaka 2018 panalibe wopeka wamoyo amene nyimbo zake zinkaimbidwa kuposa iwo. Mu 2023 analandira mphoto ya nyimbo ya Polar Music Prize chaka chimodzi ndi woimba Angélique Kidjo wa ku Benin, ndipo mu Seputembala 2025 anakwanitsa zaka 90.

Tsono maganizo anga, poti munandituma ndi maso ndi makutu omwe. Sindikuona kuti kwaya yathu ithamangire kuimba Magnificat yawo ya mu 1989, ngakhale mayi aja anaiyamikira kwambiri. Nyimbo zimenezi zinalembedwera matchalitchi aatali a miyala, momwe liwu limatsala likuyandama woimba atatseka kale pakamwa. Mwina ku Likoma kapena ku Blantyre Mission zingamveke. Mwathu muno, pansi pa malata opanda siling'i, noti imafera pamlomo, ndipo kupuma kwa a Pärt kungadzadzidwe ndi mbuzi za kuseri kwa vesitili ndi njinga zamoto za pamsewu. Ng'oma zathu zisapite kulikonse, pamenepo ndili kumbali ya bambo uja. Koma zomwe ndinamva pa noti imodzi ija sizikundichoka. Tili ndi mawu abwino m'kwaya muno, ena mwa iwo sindinawamvepo bwinobwino chifukwa cha sipika yanga yomwe. Timathamangira nyimbo yatsopano sabata iliyonse, ina tangoimva pa foni Lachinayi, Lamulungu tili nayo kutsogolo, ndipo mawu ake mpingo suwamva chifukwa ifenso sitinawatafune.

Pali zomwe ndikupempha kuti komiti ikambirane Loweruka. Chachikulu n'chakuti pa pulakatisi iliyonse, mphindi 15 zoyamba kiyibodi izikhala yovundikira, tizigwira noti imodzi pamodzi kenako masitepe aja a d r m f s ndi m m s s d', mpaka a aluto ataleka kuthawa. Ine ndidzakupatsani kiyi kamodzi n'kubwera kudzaima ku tena, mundipirire. Ngati zimenezi zayenda, tipemphe akulu a mpingo kuti m'nyengo ya Lenti tidzayese "Ambuye mutichitire chifundo" wathu uja, yemwe ndamulemba kale mwa solofa, koma gogo wathu wa ku besi ayambe wamumvera ngati mawu sanapotoke. Za kugula mapepala a nyimbo za a Pärt ndikuti tidikire. Eni ake ndi kampani ya Universal Edition ya ku Vienna, amagulitsa, ndipo anatichenjeza kuti kuchita fotokope kope la mnzako ndi kuba, ngakhale zili za Mulungu. Thumba lathu mukulidziwa, ndipo ngongole ya mayunifolomu sinathe.

Nyimbo zomwe ndatchula zimapezeka pa YouTube. Amene bandulo ndi yovuta musadandaule, ndidzabwera ndi sipika yaing'ono kuti timvere limodzi Cantus ndi ya makolo a Yesu ija tisanayambe. Mafoni adzakhale m'zikwama. A besi mudzafike msanga, chifukwa noti yoyamba ndi yanu ndipo ndi yaitali.

Ine mtumiki wanu wa pa kiyibodi.